Dzanja la Ababa ndi mawu a m'kafoni ka Amayi

Ntchito yanga ndi yokonza makanema. Ojambula amapita ku maukwati, ku zinkhoswe ndi ku misonkhano ya mipingo, ndipo akabwerako amandisiyira zonse zimene ajambula, zabwino ndi zosaoneka zomwe. Ine ndimakhala pa kompyuta n'kumadula ndi kulumikiza, mpaka tsiku lathunthu la chisangalalo likwane m'kanema woti munthu aonere osatopa. Kashopu kanga kali ku Biwi, kuseri kwa magalaja. Kumanja kwanga kuli amisiri owotcherera mageti, kumanzere kuli bambo wina wokonza mafoni, munthu wa ku Ntcheu wokonda kucheza. Phokoso la kumeneko ndinalizolowera, moti tsiku limene magetsi azima ndipo makina onse ati zii, ndimasowa mtendere.

Makolo anga amakhala ku Kawale, m'nyumba imene ndinakulira. Ababa anali mphunzitsi wa pulayimale, koma anthu ambiri sawadziwira za kusukulu. Amawadziwira kwaya. Anayamba kuimbitsa kwaya ya mpingo wathu ine ndisanabadwe, ndipo nyimbo zina zimene zimaimbidwa kumeneko mpaka lero anapeka ndi iwo. Sankalemba nyimbo papepala. Ankaphunzitsa ndi pakamwa ndi dzanja. Iwo ankaimba mzere, inu n'kubwereza, ndipo dzanja lawo lamanja linkakuuzani poyambira, popumira ndi pothera.

Ine m'kwayamo sindinakhalitsemo. Ndili mtsikana ndinalowa nawo, koma mawu anga ankayenda njira yawoyawo. Tsiku lina tikubwerera kunyumba Ababa anandigwira paphewa nati, "Mwanawe, ku tchalitchi ntchito ndi zambiri. Ena amaimba, ena amakonza maluwa." Ndinamva, ndipo ndinapita kumaluwa popanda kudandaula.

Kenako Ababa anadwala sitiroko. Anagwa m'mawa wina akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba. Anatuluka m'chipatala ali moyo, tinathokoza Mulungu, koma dzanja lamanja linangoti lende, ndipo lilime linalemera. Mawu ankatuluka amodziamodzi, osamveka bwino, ngati a munthu amene waika mbatata yotentha m'kamwa. Amayi okha ndiwo ankawamva. Enafe tinkangogwedeza mitu n'kuyang'ana kwa Amayi kuti atitanthauzire. Ababa anaziona zimenezo, ndipo anayamba kukhala chete. Ku tchalitchi ankapita ndithu, koma ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo kwaya ikamaimba ankangoyang'ana pansi.

Zinakhala choncho kwa nthawi yaitali, mpaka mlongo wanga, mzime wa m'banja mwathu, anapeza mbeta ku Area 25. Chinkhoswe chinachitika, tsiku la ukwati linakhazikitsidwa. Masana ena anatulukira ku shopu kwanga, nakhala pa benchi ya makasitomala akuseweretsa makiyi.

"Achemwali," anatero, "Ababa sadzatha kulankhula pa ukwati wanga. Koma sindikufuna kuti tsikulo lidzadutse mawu awo osamveka. Mulibe kanema aliyense wa iwo akuimbitsa kwaya? Tikanadzaonetsa pakhoma m'holo."

Kanema ndinali naye. Zaka zingapo Ababa asanadwale, pabwalo la tchalitchi chathu panachitika msonkhano wa makwaya, ndipo mnzanga wina anajambula. Ndinamufufuza m'kompyuta n'kumuonetsa mlongo wangayo. Zithunzi zinali zabwino. Ababa ankaoneka cham'mbali, atavala jekete yawo yotuwa, akuimbitsa nyimbo ya ukwati imene anapeka okha. Koma wojambulayo anaima pafupi ndi jenereta, ndipo tsikulo kunali mphepo. Zimene zinkamveka zinali kulira kwa jenereta ndi mphepo ikuwomba pa kamera. Kwaya inkamveka patalitali, ngati ikuimbira kutsidya kwa mtsinje.

"Palibe chimene mungachite?" anandifunsa.

Ndinamuuza kuti phokoso limachotsedwa ngati pansi pake pali mawu, koma apa panalibe choti n'kupulumutsa. Anachoka atakhumudwa.

Lamlungu ndinakaifotokoza nkhaniyi kwa Amayi tili awiri kukhitchini, motsitsa mawu kuti Ababa asamve. Amayi anasiya kupala karoti nandiyang'ana.

"Tsiku limenelo ine ndinatepa," anatero. "Ndinakhala pa benchi ya kutsogolo, foni ili pamiyendo. Ndinkafuna ndiziphunzira alito ndikamaphika."

Analowa m'nyumba, natsegula kabati ya mbale za alendo, natulutsa kafoni kakale ka mabatani kamene anasiya kukagwiritsa ntchito. Batire yake inali itatupa, chivundikiro chosatsekeka. Ndinakakulunga m'kansalu n'kupita nako ku Biwi.

M'mawa mwake bambo wokonza mafoni uja anakatsegula natulutsa kakhadi kosungira zinthu, kochepa ngati chikhadabo. Anakaika m'foni ina yakale imene inali m'bokosi lake, nafufuza, nadina batani. Poyamba panamveka kukhosomola kwa anthu ndi benchi ikulira. Kenako panamveka Ababa. Anang'ung'udza kamvekedwe koyambira, monga ankachitira nthawi zonse, n'kunena momveka bwino kuti, "Tiyeni." Kwaya inalowa.

Ndinali nditaiwala kuti mawu awo anali otero. Munthu akadwala nthawi yaitali, mawu ake akale amafufutika m'mutu mwako osadziwa. Ndinatuluka panja n'kukaima pafupi ndi mageti amene anali atayedzamiritsidwa kukhoma, mpaka nyimbo inatha. Nditabwerera, bamboyo anali atazimitsa kale foni. Anangondipatsa kakhadi kaja.

Ndinkaganiza kuti chovuta chatha. Zithunzi ndinali nazo, mawu ndinali nawo, zonse za nyimbo imodzi, zojambulidwa nthawi imodzi. Chotsala chinali kuziika pamodzi, ntchito imene ndimagwira tsiku ndi tsiku. Ndinakopera fayilo ya mawuyo m'kompyuta n'kuikokera mu pulogalamu imene ndimakonzera makanema. Panatuluka kabokosi kondiuza kuti fayilo ya mtundu umenewu siikudziwika.

Dzina la fayilo iliyonse limathera ndi zilembo zingapo zonena njira imene mawu kapena zithunzi zasungidwira m'kati mwake. Pulogalamu yanga imadziwa njira za makamera ndi za mafoni a masiku ano. Iyi inkathera ndi AMR, kasungidwe ka timafoni takale, kamene kamafinya mawu kuti asadye malo. Ndinali ndisanakumanepo nako. Ndinaikokeranso kachiwiri, ngati kuti pulogalamuyo isintha maganizo. Kabokosi kanabwera komweko.

Ndiye ndinachita zimene ambiri amachita. Ndinafufuta zilembo zakumapetozo n'kulembapo MP3, mtundu umene pulogalamuyo imaudziwa bwino. Ulendo uno fayilo inalowa, ndipo ndinasangalala. Koma pamene mawu amaoneka ngati timapiri tokwera ndi kutsika, panali mzere woongoka, wopanda kanthu. Ndinadina kuti ilire, sipika inangokhala duu. Zinali ngati kulemba kuti shuga pa chitini cha mchere. Dzina linasintha, za m'kati zinali zomwe zija.

Bambo wokonza mafoni anasuzumira pakhomo atandimva ndikuusa moyo.

"Amayi, mukuvutikiranji? Foni yanga ija ikutha kuiliza nyimboyo. Tiilize pafupi ndi kompyuta yanu, inu muitepenso. Basi."

Nzeruyo inamveka yabwino. Tinatseka chitseko, tinaika foni pafupi ndi maikolofoni, tonse tinakhala chete osapuma n'komwe. Titamvetsera zimene tinatepazo, kwaya ya Ababa inkaimba pamodzi ndi makina odulira zitsulo a kwa aneba, ndipo chapakati panalowa munthu woitanira minibasi akukuwa kuti, "Tauni! Tauni!" Chakumapeto panamveka bamboyo akumeza malovu. Tinaseka mpaka amisiri a mageti anabwera kudzafunsa kuti kwagwanji.

"Ku Biwi kuno sikutepeka," anatero bamboyo akutenga foni yake. "Ngakhale mutatseka ndi simenti."

Masiku otsatira ndinayamba kuwerenga pa intaneti zimene ena anachita atakumana ndi vuto lomweli. Ambiri ankanena chimodzi: fayiloyo iyenera kumasulidwa n'kusungidwanso mwatsopano, osati kungoisintha dzina. Ndinapeza kapulogalamu kakang'ono kogwira ntchito imeneyo, ndipo ndinasandutsa fayilo ija kukhala WAV, kasungidwe kosafinya mawu kamene pulogalamu iliyonse imakalandira. Panali malo angapo oti ndisankhe zinthu, ndipo ndinasankha mofulumira. Nditaikokera mu pulogalamu yanga, timapiri tija tinaoneka. Ndisanamvetsere, magetsi anazima. Linali Loweruka masana. Mwamwayi zonse ndinali nditakopera kale mu laputopu imene inali ndi moto wokwanira, choncho ndinatseka shopu n'kukwera minibasi ya ku Kawale kuti Amayi akakhale oyamba kumva.

Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Ababa anali pampando wawo m'kati, pafupi ndi khomo, maso atatseka. Ndinaganiza kuti ali m'tulo. Ndinakhala pamphasa pafupi ndi Amayi, ndinatsegula laputopu n'kudina.

Zimene zinatuluka sizinali mawu a anthu. Nyimbo inkathamanga ngati ikuthawa galu, ndipo mawu onse anali ang'onoang'ono, otswiima ngati a anapiye. Ngakhale mabesi ankalira ngati mbewa. Amayi anatsegula pakamwa.

"Kodi amenewa ndani?"

Ndisanayankhe, m'kati munamveka phokoso limene sitinalimve chidwalireni Ababa. Ankaseka. Kuseka kwake kunali kopendekera mbali imodzi, phewa lamanzere lokha likugwedezeka, misozi ikutsika. Analoza laputopu ndi dzanja lamanzere nanena mawu amene ine sindinawamve.

Amayi anatanthauzira nawonso akuseka. "Akuti nyimboyo ndi yawo. Akufunsa kuti anthuwa akuthamangira kuti."

Cholakwa ndinachipeza pomwepo. Foni ndi kamera sizitola mawu pa liwiro limodzi. Kafoni kakale kamatola tizidutswa ta mawu tochepa pa sekondi, kamera imatola tambiri. Posankha mofulumira paja ndinauza kapulogalamuko kuti kawerenge tizidutswa ta foni mothamanga, m'malo moti kadzaze mipata kuti mawu afanane ndi a kamera. Ndinabwereza, ulendo uno ndikuwerenga bwino chilichonse. Nditadina, anthu anabwerera. Mawu anali opyapyala ngati a wailesi yakale, koma anali a anthu, ndipo alito ya Amayi inkamveka pamwamba pa onse chifukwa ndiwo anali pafupi ndi foni, akuimba nawo pa benchi paja.

Ababa anamvetsera mpaka kumapeto, osasekanso. Nyimbo itatha anatsekanso maso. Sanafunse chifukwa chimene ndinkachitira zimenezi, ndipo ife sitinawauze.

Sabata yotsatira ndinayamba kulumikiza mawu ndi zithunzi. Ndinapeza pamene dzanja la Ababa likutsika koyamba, ndinaika pomwepo kulowa kwa kwaya. Ndime yoyamba inayenda bwino. Pofika ndime yachiwiri, dzanja linayamba kutsogola pang'ono. Pofika kumapeto, Ababa anali atatseka kale dzanja n'kutembenuka, kwaya ikuimbabe. Makina awiri amene ajambula chinthu chimodzi sayendera limodzi ndendende. Kusiyanako ndi kochepa kwambiri, koma kumaunjikana, ndipo apa sikunkaunjikana mofanana. Pena mawu ankatsalira kwambiri, pena pang'ono.

Kukonza kwake ndinkakudziwa: kudula mawu m'malo opumira, n'kufupikitsa chidutswa chilichonse pang'ono kuti chikwane. Koma kuti udule, uyenera kudziwa kuti kutsika kwa dzanja uku ndi kwa liwu liti. Pa ukwati ndimayang'ana milomo ya wolankhula. Apa oimba anali patali, milomo yosaoneka, ndipo dzanja linkatsika ndi kukwera kosalekeza. Kwa ine kutsika konse kunali kofanana. Ndikakonza pano, pena pankaonongeka. Ndinamvetsa bwino chifukwa chimene ananditumizira kumaluwa.

Loweruka lotsatira ndinapitanso ku Kawale ndi laputopu, poganiza kuti mwina Amayi angandithandize. Nditangokhala pansi, Ababa analoza chikwama changa, kenako analoza katebulo ka patsogolo pawo. Ndinayang'ana Amayi. Iwo anangokweza mapewa.

Ndinaika laputopu pakatebulopo n'kudina. Ababa anadziona okha ataimirira, jekete ili bwinobwino, dzanja lamanja lili m'mwamba. Anayang'anitsitsa osaphethira. Ndinayamba kuopa kuti ndalakwitsa kuwaonetsa, ndipo chala changa chinali pafupi ndi batani loimitsira. Koma pofika ndime yachiwiri, pamene mawu anayamba kutsalira, anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere.

"Ayi," anatero. Limeneli ndinalimva ndekha.

Ndinaimitsa. Anagogoda patebulo ndi chala, pang'onopang'ono, akung'ung'udza mzerewo. Kenako analoza pa chithunzi, nagogodanso. Ndinazindikira zimene ankatanthauza. Iwo ankadziwa kutsika kulikonse kwa dzanja lawo, kuti uku ndi koyambira mzere, uku ndi kopumira, uku ndi kolowetsa matena.

Tinapangana njira. Choyamba ndinkazimitsa mawu, iwo n'kumaonera zithunzi zokha, ndipo pamene mzere ukuyamba ankagogoda, ine n'kuika chizindikiro. Kenako ndinkabisa zithunzi, iwo n'kumamvetsera mawu okha, n'kugogodanso poyambira mzere uliwonse. Ndikatero ndinkakoka chizindikiro cha mawu kuti chikumane ndi chinzake cha zithunzi. Tikatha mzere umodzi, tinkaonera. Akakhutira ankagwedeza mutu. Akapanda kukhutira tinkabwereza.

Masana onse anathera pamenepo. Amayi anabweretsa tiyi ndi chigumu, tiyiyo anazizira m'makapu. Poyamba Amayi ankakhala pafupi kuti azitanthauzira, koma kenako anapita kukaanula zovala, ndipo ndinapeza kuti sindikuwafunanso. Mawu a Ababa anali ochepa ndipo ankabwerezabwereza omwewo. "Bwerera." "Apo." "Pang'ono." "Wapitirira." Khutu langa linayamba kuwazolowera. Ndinaona kuti amameza chiyambi cha liwu n'kukoka mapeto ake, ndipo ukadziwa zimenezo zambiri zimamveka. Ndinadzifunsa kuti bwanji sindinakhale nawo chonchi kale, koma panalibe nthawi yoganizira, chifukwa anali atayamba kale kugogoda mzere wina.

Pa ndime yachitatu panali malo amene mabesi ankalowa mochedwa. Ndinadula, ndinasuntha, koma ndikakonza mabesi, masopulano ankafulumira. Ndinayesa kangapo. Ababa anandigwira dzanja.

"Siya," anatero. Kenako ananena mawu aatali amene ndinawapempha kuti abwereze. Anabwereza mosakwiya. "Anachedwa okha."

Sanali makina. Tsiku la msonkhanolo mabesi analowadi mochedwa, ndipo Ababa ankakumbukira. Ananditchulira ngakhale mkulu amene anawachedwetsa anzake, nakwinya nkhope ngati zachitika dzulo.

Dzuwa litapendeka tinamaliza. Ndinaitana Amayi, tinaonera kuyambira poyamba mpaka pothera. Dzanja linkatsika, mawu n'kugwera pomwepo. Potseka, Ababa a m'kanema anafumbata dzanja, kwaya n'kuti zii nthawi yomweyo. Amayi anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Anthu akadzaona zimenezi pa ukwati, adzalira," anatero.

Ababa anatembenuka nawayang'ana, kenako anayang'ana ine. Sindikanathanso kubisa. Ndinawafotokozera zonse, kuti mlongo wanga anapempha, kuti tikufuna tidzaonetse pakhoma m'holo nthawi ya mawu a makolo, kuti mawu awo adzamveke.

Ababa anayang'ananso laputopu. Panja ana a aneba ankasewera mpira, ndipo unkamveka ukugunda mpanda wa malata.

"Ayi," anatero.

"Ababa, ndi wabwinotu. Mwauona nokha."

"Sindinafe."

Amayi sanafunikire kutanthauzira. Zotsatira zake ndi zimene ananena movutikira, akupumira, Amayi akuthandiza apo ndi apo. Anati makanema otere amaonetsedwa munthu akapita. Anati anthu adzayang'ana pakhoma, kenako adzatembenuka kuyang'ana iwo pampando, ndipo adzawamvera chisoni pa tsiku la chimwemwe cha mwana. Anati tsikulo si lawo. Pomaliza anadziloza pachifuwa.

"Ndilankhula. Ndekha."

Ndinatseka laputopu. Sindibisa, zinandiwawa. Masabata awiri ndinali nditasiya ntchito za anthu chifukwa cha kanema ameneyu, ndipo m'mutu mwanga ndinali nditaona kale holo yonse ikuwomba m'manja. M'minibasi pobwerera ndinakhala pawindo. Nditatsika ndinaimbira mlongo wanga n'kumuuza. Anafunsa kuti, "Anena okha kuti alankhula?"

"Okha."

"Ndiye zili bwino, achemwali. Akalankhule. Ine ndimaganiza kuti sakufuna."

Tonse tinkaganiza choncho, ndipo palibe amene anawafunsa.

Masabata otsalawo Ababa ankayeserera m'mawa uliwonse. Amayi anandiuza kuti akamwa tiyi ankakhala pakhonde n'kumabwereza mawu omwewo, liwu limodzi limodzi, ndipo likawavuta ankalisiya n'kufuna lina losavuta lonena zomwezo. Sankalola wina aliyense kumvetsera kupatula Amayi.

Ukwati unachitikira m'holo ina ku Area 25. Tsiku limenelo sindinagwire ntchito, ndinavala chitenje cha banja n'kukhala pamodzi ndi abale. Nthawi ya mawu a makolo itakwana, woyendetsa mwambo anayang'ana kwa amalume, poganiza kuti ndiwo alankhule. Koma Ababa anagwira ndodo yawo naimirira, Amayi atawagwira pachigongono. Anawapatsa maikolofoni kudzanja lamanzere.

Analankhula pang'onopang'ono. Anathokoza makolo a mkwatibwi chifukwa cholera mwana. Anauza mlongo wanga kuti, "Mkazi uyu, umusamale." Kenako anatembenukira kwa mkwatibwi nati, "Mayi, takulandirani. Kwathu ndi kwanu." Pakati pa liwu ndi liwu pankakhala mpata wautali, ndipo pena ankabwerera kukatenga liwu limene lagwa. Anthu anadikira. Ngakhale ana anakhala chete. Atamaliza, amayi a kuchikazi ndiwo anayamba nthungululu, holo yonse n'kutsatira. Pamene ndinkakonza kanema wa ukwatiwo pambuyo pake, mipata ija ndinaisiya momwe inalili.

Kanema wa kwaya uja ndinkaganiza kuti angokhala m'kompyuta. Koma ukwati utapita, Ababa anandiitanitsa. Anati ndimupereke kwa mayi amene akuimbitsa kwaya masiku ano, amene kale anali wophunzira wawo. Anati kuchokera kumbuyo kumene amakhala m'tchalitchi amamva kuti nyimbo ija inasintha, matena anataya njira yawo n'kumangotsatira masopulano, ndipo zakhala zikuwapweteka kwa nthawi yaitali.

Ndinadziwa kuti anthu a kwaya ali ndi mafoni osiyanasiyana, ena atsopano, ena otopa. Sindinafune kuti wina akakumane ndi kabokosi kamene ndinakumana nako ine. Ndinatulutsa kanemayo m'kasungidwe kofala, ndinamuchepetsa kuti asalemere, ndipo ndinapita naye kwa bambo wokonza mafoni. Tinamuyesa pa mafoni onse amene anali pashelefu pake oyaka. Pa foni imodzi zithunzi zinkaoneka koma mawu osamveka, ndipo ndinabwerera kukasintha mpaka nayonso inalira. Ndinatulutsanso mawu okha, a iwo amene mafoni awo saonetsa kanema.

Mayi woimbitsa kwaya uja ataonera, sanangotumiza uthenga wothokoza. Loweruka lina masana anabwera ku Kawale ndi anzake angapo, matena ndi maalito, napempha kuti aimbe Ababa akumva. Ine ndinali komweko, ndinabwera kudzasiya mankhwala. Tinatulutsa mipando ndi mphasa pakhonde. Alendowo anaimirira moyang'anana ndi Ababa, ena akuoneka amanyazi, chifukwa ambiri anali asanabwere kudzawaona chitulukireni m'chipatala.

Anayamba kuimba. Sanapite patali, Ababa anawaimitsa. Anang'ung'udza njira ya matena, mawu akunjenjemera koma kamvekedwe kali kolondola. Matena anabwereza. Anawaimitsanso. Bambo wina wa tena anayesa kufotokoza kuti iwo anaphunzira mwanjira ina, Ababa anapukusa mutu nauza mayi uja kuti alize foni. Anamvetsera onse ataweramira pamodzi, bamboyo anakanda m'mutu, anayambiranso.

Ine ndinali ndi ntchito ya chinkhoswe yondidikira ku Biwi, choncho ndinatsazika. Ababa anangogwedeza mutu osandiyang'ana, maso ali pa matena. Amayi anandiperekeza mpaka kumsewu. Tikuyenda, nyimbo inkamvekabe kumbuyo kwathu, ikuyamba n'kuima, ikuyamba n'kuima.

"Awasunga mpaka liti anthuwa?" ndinafunsa.

"Mpaka akhoze," anatero Amayi. "Dzulo anandibweza ndi tiyi, akuti ndachulutsa madzi. M'mawa uno akuti mpiru ndikuthirira molakwika." Anaima m'mbali mwa msewu nakweza dzanja kuimitsa minibasi imene inkabwera. "Ababa ako ayambanso kuvuta. Kwera, ndikaone ngati alendowo ndiwaphikire."